Tsiku Limene Ndinatsutsa Bambo Dennis

Chikondi ndi Tamanda, ana anga, gawo ili la mbiri yanga ndi la ntchito imene munkachita manyazi kuitchula kusukulu. Aphunzitsi akafunsa kuti bambo anu amatani, munkangoti amagwira mu ofesi. Sindikukuimbani mlandu, pakuti amayi anunso ankayankha chimodzimodzi kutchalitchi. Ndalemba m'Chichewa mwadala. Mawu ena akakuvutani mudzandifunse ineyo, osati amayi anu, ndipo chifukwa chake muchipeza kumapeto.

2004, Belgrave

Ndinafika ku Leicester amayi anu atagwira kale chaka chathunthu ngati namwino. Kwathu ku Ntcheu ndinali mphunzitsi wa pulayimale, koma kuno mapepala anga palibe anawayang'ana kawiri. Ntchito yoyamba imene ndinapeza inali m'shopu yobetchera pa Belgrave Road, pakati pa sitolo ya golide ndi ina ya nsalu. Ndinkakolopa m'mawa ndi kutola timapepala timene anthu ankataya pansi akadyedwa. Patapita miyezi anandiika pa kauntala. Ine ndine mwana wa mkulu wa mpingo, ndipo mpaka lero sindinabetchepo ngakhale kamodzi, choncho ntchitoyi inkandinyansa. Amayi anu ankangoti, "Gwirani kaye, koma musamaitchule. Ikapezeka ina muapulaye."

Makoma onse a shopuyo anali ndi ma TV oonetsa mipikisano ya mahatchi. Mahatchi sindinkawadziwa, yamoyo ndinali nditaiona kamodzi kokha ku Zomba, koma kuthamanga ndinkakudziwa. Kusukulu kwathu ine ndi amene ndinkaphunzitsa mpikisano wa mtunda wautali. Chaka chilichonse pankakhala awiri kapena atatu oliyatsa liwiro likhweru likangolira, pofuna kuti atsikana awaone ali patsogolo. Pofika pamtengo wa mango kuseri kwa tchalitchi ankakhala atagwira m'chiuno, malilime ali panja, ndipo wina wachete amene anali kumbuyo ankawadutsa ngati aima. Koma chaka chimene wokonda kutsogola anali mmodzi yekha, popanda womulimbirana naye, ankachepetsa yekha liwiro n'kusunga mpweya, ndipo palibe ankamupeza. Kuthamanga sikufika, inde, koma zimatengeranso amene ukuthamanga naye.

M'shopumo munkabwera mkulu wina wamfupi, wamatewe, wa chipewa chakale ndi kabuku m'thumba. Sankabetcha kawirikawiri, ankangoonera n'kumalemba. Tsiku lina masana mahatchi atatu anatuluka ngati athamangitsidwa ndi njuchi, shopu yonse n'kumakuwira imene inali patsogolo. Ine ndinangolankhula ndekha kuti atatuwo aphana kale, ipambana ndi ya wovala zobiriwira kumbuyoko. Inapambanadi. Mkulu uja anabwera pa kauntala n'kundifunsa ngati hatchiyo ndinkaidziwa. Ndinati ayi, ndikudziwa anyamata a ku Ntcheu. Anaseka mpaka kutsokomola, kenako anandiuza kuti ndimufotokozere bwinobwino. Amenewo anali Bambo Dennis, amene anakulira m'makola a mahatchi kuyambira ali ndi zaka khumi ndi zisanu. Anandiyesa ndi mafunso miyezi ingapo, ndipo tsiku lina anandiuza kuti ku Loughborough kuli mpando wopanda munthu.

2006, Loughborough

Ofesi yathu inali kachipinda kamodzi pamwamba pa sitolo ya njinga, pafupi ndi siteshoni ya sitima. Tinalimo anthu anayi. Mwini wake anali Colin, munthu wabwino mtima koma wosakhazikika, amene ankabwera kawiri pa sabata, ndipo za mahatchi ankadziwa zochepa kuposa amayi anu. Bambo Dennis ndiwo anali mkulu wa ntchito. Bhavna, mayi wa ana awiri wa ku Belgrave, ankataipa ndi kutumiza. Wachinayi ndinali ine. Tsiku lililonse isanakwane leveni koloko tinkatumiza tsamba kwa anthu obetcha amene analembetsa kuti azililandira. Tsambalo silinkangotchula hatchi yopambana ngati mmene amachitira a nyuzipepala. Linkaonetsa mmene mpikisano uyendere: ndani atsogole, ndani akhale pakati, ndani adikire kumbuyo, ndiponso ngati liwiro likhale lotentha kapena lozizira. Tinkalitcha mapu a liwiro.

Kuti ujambule mapu amodzi unkayenera kuonera mipikisano itatu kapena inayi yapitayo ya hatchi iliyonse. Anthu onse amaonera kumapeto, koma ife tinkaonera koyambirira, pamene timakola toyambira tangotseguka. M'kabuku kanga ndinagawa mahatchi m'magulu atatu ndi mayina anga, apupuluma, apakatikati ndi achifatse. Bambo Dennis anawakonda mayinawa mpaka anaphunzira kutchula pupuluma, ngakhale ankamveka ngati munthu wotsamwa. Kenako unkayang'ana zina. Hatchi imene inkatsogola pa mtunda wautali ikabwera pa waufupi imapezeka ili pakati. Hatchi ikavekedwa koyamba zophimba m'mbali mwa maso imatenthedwa mutu n'kufuna kutsogola. Okwera ena sadziwa kudikira, muwapatse hatchi yofatsa bwanji. Mvula ikagwa nthaka n'kufewa, apupuluma amatha mphamvu msanga. Ukamaliza zonsezi umawerenga apupuluma ako. Akakhala mmodzi, ameneyo ndi woopsa. Akakhala atatu, uyang'ane kwa achifatse.

Zipangizo zinali zoperewera. Makina oonetsera matepi anali amodzi pa anthu awiri, ndiye tinkasinthana ngati khasu la kumunda kwa agogo. Matepi ena ankafika mochedwa, ena atatafunika. Chotenthetsera m'chipinda chinalinso chimodzi, ndipo Bhavna anachikokera pansi pa desiki yake, ati zala za wotaipa ndi zofunika kuposa mapazi a oonera TV. Ine ndinkagwira ntchito nditavala masokosi awiri. Komabe zaka zimenezo ndinali wokondwa, chifukwa ndinali nditapezanso ntchito yofuna mutu wanga.

Tsopano ndifike pa khalidwe langa limene ndikufuna mulimvetse. Naini koloko iliyonse tinkakhala pamsonkhano, Bambo Dennis ataima pabolodi n'kumajambula mapu a tsikulo. Kawirikawiri ankalondola, koma nthawi zina ankaphonya kanthu kamene ine ndinali nditakaona patepi. Ine sindinaleredwe kutsutsa munthu wamkulu pagulu. Kwathu ukakhala ndi mawu olemera kwa wamkulu umadzera mwa wina, monga mmene nkhani za banja zimadzera mwa ankhoswe. Ngakhale kuwaitana ndi dzina lokha, mmene ankachitira anzanga, pakamwa panga pankakana. Ndiye pamsonkhano ndinkangogwedeza mutu. Ukatha, ndinkapita pakona pamene Bhavna ankawiritsa madzi a tiyi n'kumunong'oneza. Iye ankapititsa tiyiyo kwa Bambo Dennis n'kunena kuti potaipa waona ngati nambala folo nayonso imakonda kutsogola. Iwo ankabwereranso patepi, n'kukonza mapu, n'kumutamanda kuti ali ndi diso. Bhavna anaimvetsa msanga njirayi, ati kwa apongozi akenso mawu sadutsa njira yachidule. Tinayenda choncho zaka zisanu ndi zitatu, ine ndikudzitamandira mumtima kuti ndine munthu waulemu.

2014, mwezi wa Okutobala

Poyamba ndinkatuma Bhavna kamodzi pamwezi. Kenako zinafika pa sabata iliyonse, ndipo chaka chimenechi zinali pafupifupi tsiku lililonse. Maso a Bambo Dennis anali akutha. Mpando wawo unkasendera kufupi ndi TV pang'onopang'ono, mitundu ya malaya a okwera ankaisokoneza, ndipo anayamba kudalira zimene ankakumbukira za hatchi chaka chatha m'malo mwa zimene yachita mwezi watha. Akazi awo anali atamwalira zaka ziwiri m'mbuyomo, ana analibe. Ntchito ija ndi imene inkawadzutsa m'mawa, ndipo ndinkadziwa kuti ikawachoka atsala okha m'nyumba ndi wailesi. Zonsezi ndinkaziona, koma ndinkadzitonthoza kuti galu wamkota sakandira pachabe.

Sabata ya Diwali, chikondwerero cha chipembedzo chake, Bhavna anatenga tchuthi, ndipo Colin anabwera kudzataipa yekha. Lachinayi kunali mpikisano ku Nottingham. Bambo Dennis anajambula kuti pali pupuluma mmodzi yekha, atsogola mwaufulu ndipo sapezeka. Ine ndinali nditaona ena awiri. Nkhoswe wanga panalibe, ndipo mwini kampani anali pompo akumvetsera. Ndinakhala chete. Ndinaganiza zoti ndiwapeze pamasitepe tili awiri, koma Colin ankataipa ndi changu cha munthu wofuna kupita kwina, moti teni koloko isanakwane tsamba linali litapita. Masana hatchi yathu inalimbana ndi anzake awiri aja, ndipo pofika pakati inali itatheratu. Inamaliza yachiwiri kuchokera kumbuyo. Foni inalira mpaka madzulo, anthu akutukwana.

M'mawa mwake Colin anatikhazika pansi. Anati pali kampani ina imene ikugulitsa mapu opangidwa ndi kompyuta, ndipo mapu athu akadzagwanso chonchi adzangotenga amenewo, Bambo Dennis akapume. Ananena zimenezi iwo ali pomwepo. Bambo Dennis anangovula magalasi n'kumawapukuta ndi tayi.

Lamlungu masana ndinawafotokozera amayi anu, iwo akusita yunifolomu. Ndinkayembekeza kuti andimvera chisoni. Anamvetsera mpaka kumapeto osakweza mutu, kenako anaimika simbi.

"Ku wodi kwathu dokotala akalemba dozi ya mankhwala yolakwika, ine sindituma munthu," anatero. "Ndimamuchalenja pomwepo, pepani ndimanena pambuyo. Inu a bambo a Chikondi, ulemu umene mukuteteza ndi wa ndani, wa iwo kapena wanu?"

Ndinapsa mtima chifukwa ankanena zoona, ndipo ndinatuluka kukatsuka galimoto imene inali yoyera kale.

Lolemba lotsatira

Bhavna ndinamupeza pasiteshoni akutsika sitima. Ndisanamalize n'komwe kufotokoza anapukusa mutu. Anati watopa kutamandidwa chifukwa cha diso la mwini wake, ndipo Colin akamufunsa kuti wadziwa bwanji alibe choyankha. Anati lero ndinene ndekha.

Mpikisano waukulu wa tsikulo unali wa pano pa Leicester, pabwalo la ku Oadby, nthawi ya fili koloko. Colin analiponso pamsonkhano. Bambo Dennis anaima pabolodi n'kujambula kuti hatchi yotuwa, nambala thu, itsogola yokha, ichepetsa liwiro, ndipo ifika yoyamba. Nambala seveni inali itavekedwa zophimba maso koyamba, ndipo mpikisano wapitawo inatuluka mwaukali mpaka wokwera anachita kuikoka. Nambala naini inali itapatsidwa wokwera amene sanadikirepo munthu chibadwire. Apupuluma anali atatu, mvula inali itagwa usiku wonse, ndipo bwalo la ku Oadby limathera pachitunda. Ndikakhala chete mapu agwa, Bambo Dennis achotsedwa. Ndikalankhula Colin aona kuti mkuluyo waphonya zinthu zoonekeratu patepi, mwinanso awachotsabe. Njira zonse ziwiri zinkaoneka zopita kumodzi, koma imodzi inali yonamiza anthu amene ankatikhulupirira. Ndinayang'ana Bhavna, iye n'kuyang'ana pawindo.

Ndinaimirira, manja kumbuyo ngati mwana wa sitandade faifi.

"Bambo Dennis, mapuwa alakwika," ndinatero. "Nambala thu sikhala yokha kutsogolo. Seveni ndi naini aipanikiza, ndipo pachitunda onse atatu atha."

Colin anayang'ana ine, n'kuyang'ana iwo. Bambo Dennis anandiuza kuti ndiike tepi ya nambala seveni. Anakokera mpando mpaka mphuno inatsala pang'ono kugunda galasi. Anaonera, anati ndibwereze, anaoneranso. Kenako anadzuka, anafufuta bolodi ndi mkono wa juzi yawo, n'kundipatsa cholembera kuti ndijambule ineyo. Ndinajambula, ndipo hatchi imene ndinasankha inali chifatse wina, nambala leveni. Tsamba litapita, Bambo Dennis anavala chipewa n'kundiuza kuti nditenge jekete, tikupita ku Oadby.

Pasitima ndi pabasi ankangoyang'ana pawindo. Ine ndinali ndi mantha kuti ubwenzi wathu watha. Titafika pabwalo tinakaima pampanda pafupi ndi pothera mpikisano. Kunali kamphepo kozizira, anthu ochepa. Mahatchi atalowa m'timakola tawo kutali uko, Bambo Dennis anavula m'khosi magalasi awo oonera patali, amene m'zaka zonsezo sanabwerekepo munthu, n'kundipatsa.

"Kumeneko ine sindikuonako, Lackson," anatero. "Undiuze zimene zikuchitika."

Ndinawauza. Thu, seveni ndi naini anatuluka limodzi, palibe wofuna kusiyira mnzake. Potsetsereka anali atawasiya ena patali ndithu, ndipo ndinayamba kuopa kuti mwina mmodzi apirira. Koma chitunda chitayamba mutu wa hatchi yotuwa unayamba kukwera ndi kutsika, mapazi ake akulemera m'matope. Seveni inatha, naini inatha. Achifatse anawadutsa m'mbali zonse ziwiri. Nambala leveni yathu inafika yachiwiri, itapitiriridwa pang'ono ndi chifatse mnzake. Sitinapeze wopambana, koma mapu anali olondola, ndipo aliyense wowerenga tsamba lathu anaona kuti liwiro layenda mmene tinanenera.

Anthu atabalalika ife tinatsala pampandapo. Ndinayamba kupepesa chifukwa chowatsutsa pamaso pa Colin, koma anandidula.

"Bhavna sasiyanitsa hatchi ndi bulu," anatero. "Pasitima paja ndimaganiza zimenezi. Unayamba liti kumutuma?"

"Chaka choyamba, bambo."

Anayang'ana udzu.

"Zaka zisanu ndi zitatu. Ukanandiuza kalekale, ndikanapita kuchipatala maso asanafike apa. Ndikanakuimika pabolodi ine nditakhala pambali pako, n'kukuphunzitsa zonse zimene zatsala m'mutu muno. Iwe umati ukundilemekeza. Unandisiya ndiziyenda ndi buluku long'ambika kumbuyo, aliyense akuona kupatula ine."

Sanakweze mawu, ndipo zimenezo n'zimene zinandipweteka kwambiri. M'moyo wanga wonse sindinachitepo manyazi ngati tsiku limenelo. Ndinali ndikuopa kuti andikwiyira chifukwa cha mawu a m'mawa uja, pomwe chimene chinawalasa chinali chete wanga wa zaka zonsezo. Ndinawabwezera magalasi aja, koma anakana, ati kwa iwo alibenso ntchito. Magalasiwo ndi amene mumawaona pawindo la kuchipinda kwanga.

M'mawa mwake iwo eni anamuuza Colin kuti asiya ntchito mwezi ukatha, asanauzidwe ndi munthu. Madokotala anati vuto la maso awo likanachedwetsedwa akanabwera msanga, koma tsopano panalibe chochita. Bolodi inakhala yanga kuyambira pamenepo. Loweruka lililonse m'mawa ndinkapita kunyumba kwawo kukawawerengera mndandanda wa mahatchi, mpaka chaka chimene anamwalira. Anali ndi kamsampha kawo. Nthawi zina ankanena dala zinthu zolakwika, monga kutcha chifatse wodziwika kuti ndi pupuluma, pofuna kuona ngati nditsutse. Ndikazengereza ankagogoda pansi ndi ndodo. Ndinaphunzira kutsutsa ndili ndi zaka makumi asanu ndi zinayi, pophunzitsidwa ndi munthu wosaona.

2024 mpaka lero

Ndinajambula mapu zaka khumi. Pamapeto pake kompyuta ija inabweradi, Colin anagulitsa kampani, ndipo ine ndinapuma popanda chodandaula. Bhavna timaonanabe pa Belgrave Road, ndipo amandifunsa mwachipongwe ngati ndili ndi uthenga woti akapereke.

Tsopano ndi nkhani yanu. Kuyambira nyengo ya Pasaka amayi anu ayamba kulankhula mawu amene si awo. Akuti mabasi a ku Leicester ndi abwino masiku ano. Akuti pausinkhu wanga basi ndi yaulere, nanga ndikuvutikiranji ndi malo oimika galimoto. Mayi ameneyu wakwera galimoto yanga zaka makumi awiri osadandaulapo, ndipo basi amadana nayo. Nkhoswe ndimamudziwa ndikamumva, pajatu ndinagwiritsa ntchito mmodzi zaka zisanu ndi zitatu. Ndikudziwanso za chipilala cha pageti chimene ndinachikhula, ndi za tsiku lija pamphambano yozungulira ya ku Oadby pamene Tamanda anagwira mpando ndi manja onse awiri osanena kanthu. Ndinamuona.

Sindikukwiyirani. Mumandiyankha m'Chingerezi, koma khalidwe ili mwalitengera kwa ine, ndipo ndikudziwa kuti mukuchita chifukwa mumandikonda. Makiyi a galimoto ali pamsomali kuseri kwa chitseko, ndipo sindiwapereka kwa amayi anu. Mmodzi wa inu abwere Lamlungu likudzali, akhale pansi, andiyang'ane, anene yekha kuti bambo maso anu atha, musiye kuyendetsa. Anene m'chilankhulo chilichonse chimene angathe. Ndidzang'ung'udza pang'ono, ndidzamaliza tiyi wanga, kenako ndidzadzuka kukawatenga.